Manja a Mwana Wanga Anada, Ine N'kumati Ndi Mtedza

1

Dzina langa ndine Hukmi Devi. Mukafika m'mudzi mwathu, pamwamba pa chigwa cha Kullu m'mapiri a ku India, n'kufunsa kuti mayi wapakamwa uja amakhala pati, ngakhale mwana wosavala adzakulozerani khomo langa. Sindikana ayi. Pakamwa ndinabadwa napo, ndipo ndi pomwe panandikweza mpaka kukhala wapampando wa bungwe la amayi.

Chamba kwathu chimamera ngati chisoso. Luzi lake timalukira nsapato, njere zake timasinja n'kuthira m'ndiwo, ndipo palibe anafapo nazo. Choipa ndi utomoni wakuda uja anthu amafikisa m'manja kuchokera ku ngala zake, umene alendo amaukwerera mapiri. Utomoniwo utayamba kupezeka m'matumba a ana asukulu, amayife tinati basi, zakwana. Tinkayenda ndi zikwakwa kugwetsa chamba m'mbali mwa njira, ndipo ine ndinkaima pachipata cha sukulu kununkhiza manja a ana a eni.

Tsiku lina tinagwira Jhabe akugawira tiana tiwiri chamba kuseri kwa sitolo ya tiyi. Jhabe anali mwana wa Tikmi, mayi wamasiye wa nyumba yomaliza panjira yokwera kuphiri. Ine ndi Tikmi tinachokera mudzi umodzi, tinakwatiwa chaka chimodzi, ndipo ankanditcha Didi, mkulu wake, ngakhale sitinayamwe bere limodzi.

Tinakumana pabwalo la kachisi dzuwa lili pamutu.

"Mnyamatayo wathawa kale, akuti wakwera basi ya kuzigwa," anatero mayi wina. "Ndiye tilanga ndani?"

"Nyumba imene yamulera," ndinayankha. "Itsekeredwe madzi ndi mawu. Asapatsidwe moni, asayankhidwe. Wolankhula nawo, naye chimugwere chomwecho."

Chilango chimenechi ndi cha makolo, ndipo chinali chitagona kalekale. Wosalidwa chotere samwa madzi pakhomo la munthu, ndipo munthu samwa pake. Akadwala palibe womunyamula, akafa palibe wosenza nkhuni zootchera mtembo wake.

Tikmi anaimirira. "Didi, mwanayo anandikulira mphamvu, bambo ake kulibe. Ndithandizeni kumubweza, musanditaye."

"Unali kuti pamene ankawola?" ndinamubaya. "Mayi weniweni amadziwa fungo la manja a mwana wake."

Amayi anaomba m'manja. Ndiulule pompano kuti ndinamva kukoma.

2

Inenso ndinali ndi mwana mmodzi yekha, Rewat, wazaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anali wamanyazi, wokonda masamu, ndipo akagwira ng'oma ya pakachisi ngakhale nkhalamba zinkaiwala maondo. Nkhani ya Jhabe inandilowetsa mantha. Ndinkaona mdani m'sitolo iliyonse ya tiyi, mwa mlendo aliyense wa chikwama kumsana, mwa mnzake aliyense wa mwana wanga.

Bambo a Rewat, dzina lawo simulimva kwa ine poti kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake, ndi munthu wa mawu ochepa. Anthu ankaseka kuti tinapatsidwa pakamwa pamodzi kuti tigawane, ine n'kutenga ponse. Chaka chimenecho matalala anali atasakaza maapozi athu onse, ndiye iwo ankakhalira kumtunda, kumene nkhosa zathu zimadya msipu nyengo yotentha.

"Bambo a Rewat," ndinatero tikumwa tiyi m'mawa wina, "mwanayu muzikwera naye Loweruka ndi Lamlungu, ndi tchuthi chonse. Kumeneko kulibe alendo, kulibe anzake oipa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kapu ili m'manja.

"Wanena ndiwe," anatero.

Seputembala atafika, ankatsika madzulo atasenza thumba la akhroti, mtedza wa m'mitengo uja, ukadali m'makoko ake obiriwira. Asanalowe m'nyumba, bamboyo ankamukhazika mwana pakhonde.

"Senda, mwanawe, amayi ako atiphikire sidu, buledi uja wa mtedza m'kati."

Amene anasendapo akhroti wauwisi akudziwa. Madzi a makoko aja amadetsa manja bii, ndipo fungo lake limakanirira ngakhale usambe ndi sopo. Nyengo imeneyo theka la mudzi limayenda ndi manja akuda. Ine ndinkamugwira Rewat pamkono n'kuonetsa amayi anzanga.

"Onani a wanga! Akuda ndi ntchito awa, osati ndi zinazi."

Rewat ankangozyolika. Ine n'kumati ndi manyazi ake aja.

3

Zinayamba pang'onopang'ono. Mwana amene ankadya ngati mbalame anayamba kupukuta mphika. Ndinati ndi mphepo ya kuphiri. Maso anayamba kufiira psuu, ndinati ndi utsi wa kumsasa wa nkhosa. Aphunzitsi atatumiza uthenga kuti akugona m'kalasi ndipo masiku ena saoneka, ndinapita komweko n'kuwauza kuti aphunzire kuphunzitsa mosagonetsa tulo. Ng'oma anaisiya. Ndinati wakula, akufuna za mabuku.

Bodza lililonse limene mayi angadzinamize, ine ndinalipeza ndekha popanda wondithandiza.

Kenako kunabwera kuseka. Ankaseka yekha pakhonde, kuseka kosachokera pamtima, kenako n'kusiya mwadzidzidzi n'kutchera khutu.

"Ama, mukuwamva?"

"Ndani?"

"Akhwangwala aja. Akunditchula dzina. Akukauza anthu."

"Akawauze chiyani? Usandiseweretse, iwe."

Analowa kuchipinda chake n'kutseka zenera ndi bulangeti, kunja kuli dzuwa lowala.

Mawa lake ndinapita kumpopi mtima uli m'mwamba. Tikmi ankatunga madzi pambuyo pa aliyense, monga mwa lamulo, ndipo ankadikira patali atakhala pamwala. Tsiku limenelo anadzuka n'kubwera molunjika kwa ine. Anali atawonda, mpango wakumutu utasuluka.

"Didi," ananong'ona, "mawu amodzi okha. Ndi za Rewat."

Koma amayi onse anali atasiya kutunga, maso ali pa ine, kudikira kuti aone ngati wapampando adye yekha lamulo lake. Ndinatembenuka n'kumuonetsa msana.

"Kodi anzanga, mukumva ntchentche ikulira?" ndinatero mokweza.

Anaseka. Tikmi anabwerera pamwala pake. Patapita masiku anandipezanso kumunda ndikumweta udzu wa ng'ombe, tili awiriwiri, ndipo anayamba ndi mawu omwe aja. Ndinalavula pansi n'kuchokapo, poti ndinkaganiza kuti wamva za matenda a mwana wanga ndiye akufuna kundinyogodola.

4

"Tipite naye kuchipatala," ndinawauza bambo a Rewat.

"Chipatala cha chiyani? Kuti akamubaye jakisoni wa amisala, mudzi wonse uzimuloza? Imeneyi ndi mizimu ya m'phiri. Mwina anaponda pamalo oletsedwa."

Sindinawaonepo akulimbikira chinthu chotero. Anagula okha mbuzi, anakonza okha zonse, ndipo tinamutengera mwana kwa wobwebweta wa pakachisi. Ng'oma zinalira, munthuyo anamasula tsitsi n'kuyamba kunjenjemera, anamuwaza Rewat mpunga, kenako ananena ndi mawu osakhala ake.

"Chalowa m'mwanayu chimatsika ndi njira ya kumtunda."

Njira ya kumtunda! M'mutu mwanga munabwera nyumba imodzi yokha, ija ili kumapeto kwa mudzi, ya mayi amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anthu.

Ngati zimenezo sizinakwane, m'mawa wotsatira ndinatsegula chitseko n'kupeza kanthu pakhomo. Linali khoko la akhroti ndi ngala yaiwisi ya chamba, zomangidwa pamodzi ndi ubweya wa nkhosa. Ubweyawo unali ndi utoto wabuluu, womwe ife timapaka pamsana pa nkhosa zathu kuti zisasokonekere ndi za ena.

Ndinakuwa. Bambo a Rewat anatuluka, ndipo ataona kanthuko nkhope yawo inachita kutuwa.

"Mwaona ufitiwu?" ndinatero. "Wafika mpaka pozula ubweya wa nkhosa zathu kuti atilodze! Ndikukaitana amayi aone."

"Usaitane munthu!" Anatola kanthu kaja ndi mbaniro n'kukaponya m'mbaula. "Zoterezi saonetsa anthu, zimakula mphamvu."

Ine ndinati akuopa mfiti, mpaka ndinawamvera chisoni.

Mbuzi inafera chabe. Rewat anasiya kugona, anasiya kusamba, ndipo tsiku lina ndikumupatsa chakudya anayang'ana mbale, n'kundiyang'ana ine ngati sakundidziwa.

"Mwathiramo chiyani, Ama?"

"Mchere, mwana wanga. Idya."

"Bodza. Mwapangana nawo. Mukufuna mundigoneke kuti mukandiimike pabwalo."

Anakankha mbale, mphodza mbwee pansi. Kuyambira pamenepo anakana chilichonse chochokera m'manja mwanga, ngakhale madzi. Milomo inayamba kung'aluka, maso analowa m'kati. Ndinkaika kapu pakhomo la chipinda chake n'kubisala, koma ndinkaipeza ili chodzadza. Mwana wanga ankauma ndikuona, m'nyumba yodzadza mitsuko.

5

M'mawa wina ndinapeza chipinda chili pululu. Bambo ake anali atalawirira kale ku nkhosa. Ndinathamangira kusukulu, kumlatho, kumasitolo a tiyi, koma palibe anamuona. Pamenepo ndinaiwala mpando, ndinaiwala lamulo, n'kukwera njira ya kumtunda ndikulavula moto.

Tikmi ndinamupeza pakhonde akupota ubweya.

"Tikmi! Mfiti iwe, mwana wanga wamuika kuti?"

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, ngati akufuna munthu wina.

"Kodi mukulankhula ndi ine, apampando? Samalani, lamulo lingakulumeni."

"Usandiyese! Chithumwa chako ndinachiona pakhomo panga."

"Chithumwa?" Anaseka, koma misozi ili m'maso. "Didi, nzeru zonse zija zinapita kuti? Ndinabwera kumpopi, munanditcha ntchentche. Ndinabwera kumunda, munalavula. Ndiye ndinati poti khutu mwatseka, mwina diso liona. Mtedza, chamba, nkhosa zanu. Ndikanamanganso chiyani kuti mumve?"

Ndinagwira mzati wa khonde.

"Ukutanthauza chiyani?"

"Inu amene mumanunkhiza manja a ana a eni pachipata cha sukulu, a wanu munawanunkhizapo asanakhudze mtedza? Ine ndimakhala pano ngati mwala wa panjira. Anthu amadutsa osandiona, ndiye samandibisira kanthu. Rewat akamatsika, manja amakhala atada kale. Thumba la akhroti lija amalitengera pamtengo uwo, apo, kuseri kwa khola langa."

Ndinakumbukira kudya kuja, maso aja, kuseka kuja. Ndinali nditaziona zonsezi mwa ana a anzanga, ndipo ndinkazitchula dzina lake ndisanafike n'komwe pafupi.

"Akumupatsa ndani?" ndinafunsa. "Tchula, ndikamudye wamoyo."

"Ndikatchula ine mudzati ndi njiru. Wadutsa pano kukucha, akulankhula yekha. Ndinamuitana koma sanacheuke." Anaika ubweya pansi n'kumanga nsalu m'chiuno. "Tiyeni mukaone ndi maso anu. Koma muyende kutsogolo, angadzati munatsatira wosalidwa."

6

Tinakwera, ine ndili kutsogolo. Pamsasa tinapeza nkhosa zathu zili zokha ndi galu. Tikmi analoza kanjira kena kolowera kuseri kwa thanthwe long'aluka, kumene ine sindinapondeko chikwatiwire. Fungo linatilandira tisanaone kanthu.

Unali munda. Osati chamba chomera chokha ayi, koma chodzalidwa m'mizere, chopaliridwa bwino, chachitali kuposa munthu. Zikwakwa zathu zinkagwetsa tizitsamba ta m'mbali mwa njira pamene mwini munda uyu ankatiseka.

Rewat anali atakhala pansi m'mphepete mwa munda, milomo ikuyenda. Pambali pake panagwada munthu wamwamuna atationetsa msana. Anali atagwira mkono wa mwana wanga, akupala utomoni pachikhato chake mosamala ngati mayi wochotsa mwana minga. Nkhope sindinaione. Ndinaona chipewa, ndipo maluwa a m'mphepete mwa chipewacho ndinaluka ndine.

"Bambo a Rewat."

Anatembenuka. Sanayang'ane ine, anayang'ana Tikmi.

"Wabwera ndi ameneyu? Watiphetsa, mkazi iwe."

"Ndakuphetsani ine? Mwana wanu yemwe, bambo inu? Mbuzi ija munkagula mukudziwa?"

"Tsitsa mawu." Anaimirira, manja ali bii. "Matalala anatisiya manja lende. Ukuganiza kuti chaka chino tadya chiyani, ubweya? Manja angawa ndi okakala ngati khungwa, satola kanthu. A mwana ndi ofewa, ndi amene amatulutsa wabwino uja alendo amafuna. Bambo anga anandibweretsa kuno ndili wamng'ono kuposa uyu. Ndinapenga ine?"

"Uyu wapenga! Simukumuona?"

"Ndinamuuza kuti asalawe. Ndipo lero sindinamuitane, wabwera yekha."

"Wabwera yekha, koma dzanja lake mwaligwira."

Rewat anaseka kuseka kuja. "Musakangane, Ama. Bambo akamasuta amayang'ana kuphiri, ine ndikamasuta ndimayang'ana kumtsinje. Sitionana."

Bambo ake anagwetsa nkhope. Kenako anabwera pafupi nane n'kulankhula motsitsa, mawu ambiri kuposa amene ndinawamva kwa iwo chaka chonse.

"Tamvera, mayi a Rewat. Kuchipatala akafunsa kuti anachipeza kuti. Zikatuluka, lamulo lako lomwe litidya. Palibe adzamwe madzi pakhomo pathu, palibe adzasenze nkhuni ukadzafa. Chisanu chatsala pang'ono kugwa, mundawu ufa wokha, mwana tizimutsekera m'nyumba mpaka achire. Akudziwa ndani? Uyu?" Analoza Tikmi ndi chibwano. "Uyu ngakhale atakuwa pakati pa mudzi, palibe angamuyankhe. Unakonza wekha zimenezo."

Owerenga, apa ndiye pamene pali manyazi anga enieni. Sindinawalavulire. Ndinaima chete n'kuganiza. Ndinaona mpando wanga, ndinaona amayi aja akundiseka kumpopi, ndinaona kuti zimene akunena zikhoza kutheka. Tikmi anandiyang'ana ndipo anadziwa chimene chinkayenda m'mutu mwanga.

Amene anandidzutsa ndi Rewat. Khwangwala analira pamwamba pa thanthwe, mwana anadzambatuka atatseka makutu n'kuthamangira kuphompho. Mwayi wake unali woti ludzu linali litamutha mphamvu. Anagwa chafufumimba patatsala pang'ono kuti afike m'mphepete. Ndinamuthamangira, koma atandiona anakuwa ngati waona chilombo.

"Musandigwire! Nonse awiri musandigwire!"

Tikmi anagwada patali pang'ono.

"Rewat, ndi ine, Chachi wako, amayi ako aang'ono. Dzuka, tiye kwathu. Akhwangwala sabwera kwa ine, nawonso anandisala."

Mwana anamuyang'ana, n'kumupatsa dzanja.

7

Tinatsika naye pang'onopang'ono, Tikmi atamugwira, ine ndikutsatira pambuyo ngati mlendo. Bambo ake anatsala m'munda mwawo. Titafika pakhonde pake, Tikmi anatunga madzi m'kapu yamkuwa n'kumupatsa. Rewat anagwira ndi manja awiri n'kumwa, anapempha ena, n'kumwanso, madzi akutsikira m'khosi mpaka pamalaya. Madzi amene ndinaletsa mudzi wonse kumwa ndi okhawo amene mwana wanga anavomera.

"Si koyamba," anatero Tikmi osandiyang'ana. "Ankapatuka pano bambo ake akatsogola. Amwe madzi, alire, azipita. Ndinkamuuza kuti kauze amayi ako, iye n'kumati, Chachi, ngati inu anakuchitani chonchi, ine adzandichita chiyani?"

Pakamwa paja panali patauma.

Atamwa anagona pansi osathanso kuimirira, thupi likutentha. Kuchokera m'mudzi mwathu kukafika kumsewu ndi mtunda wotsetsereka, ndipo wodwala amanyamulidwa pampando wa mudzi, amuna akusinthana mapewa. Mpandowo umasungidwa pakachisi. Ndikanatha kunama kuti ndi malungo, amuna akanabwera akuthamanga. Koma ndinaganiza za munda uja, ndi manja ena ofewa amene akanakwera kumeneko chaka chamawa. Ndinapita pabwalo n'kuliza belu ndekha.

Anasonkhana msanga. Ndinanena zonse: munda, mtedza, mbuzi, ngakhale msana umene ndinamuonetsa Tikmi. Amuna angapo anayang'ana pansi mofulumira kwambiri, ndipo ndinazindikira kuti sinali nkhani yachilendo kwa onse.

"Chilango ndikuchidziwa," ndinamaliza. "Ndikungopempha mpando ndi mapewa, mwana afike kuchipatala lero. Mawa mutisale."

Kenako anaimirira mayi wina amene ndinamunyazitsapo pachipata cha sukulu chifukwa cha mwana wake.

"Mayi weniweni amadziwa fungo la manja a mwana wake," anatero pang'onopang'ono. "Si mawu anu amenewa, apampando? Tikmi atapempha chifundo pano munati lamulo lilibe mawa. Lasintha liti?"

Palibe anaomba m'manja, koma palibenso ananditeteza. Anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akupukuta misozi, ndipo ndinamva zitseko zikutsekedwa. Sindiwada. Msampha ndinautchera ndekha, ndipo ndinautchera bwino.

Nditabwerera kwa Tikmi ndinapeza bambo a Rewat atatsika. Anali atatenga mpando wa m'nyumba mwathu, akuumangirira pamitengo iwiri ndi chingwe cha luzi la chamba. Sanandiyang'ane, inenso sindinawalankhule. Tinamukhazika mwana n'kumumanga ndi nsalu kuti asagwe. Iwo anasenza kutsogolo mitengo yonse iwiri, ine ndi Tikmi kumbuyo, aliyense mtengo wake.

Tinadutsa pakati pa mudzi masanasana, manja akuda a bamboyo ali poyera pamitengo, anthu akusuzumira m'mazenera. Potsetsereka mtengo unkandidya phewa mpaka magazi, ndipo ndinaterereka n'kugwada.

"Dzukani, Didi," anatero Tikmi akupuma movutika. "Mudzalira pabasi."

8

Rewat anakhala nthawi yaitali m'chipatala cha m'tauni. Dokotala sanandinamize. Anati chamba sichigwira mitu mofanana: wina amasuta mpaka imvi osaona kanthu, wina, makamaka amene ubongo wake ukadakula, chimamutsegulira khomo lovuta kutseka. Anati tikanachedwa pang'ono, mwina tikanamutaya. Sukulu inamudutsa chaka chimenecho. Panopa ali kunyumba, amamwa mankhwala tsiku lililonse, amadya za m'manja mwanga, ndipo wayambanso kugwira ng'oma pang'onopang'ono. Khwangwala akalira amasiyabe kulankhula kwa kanthawi, ine n'kumayesa ngati sindinaone.

Munda uja amayi anakaugwetsa ndi zikwakwa, ine kulibe. Nyengo yonse ya chisanu nyumba ziwiri zinali zosalidwa, yanga ndi ya Tikmi, ndipo tinkatunga madzi limodzi pambuyo pa aliyense. Maluwa a maapozi atatuluka, bungwe linakumana pansi pa wapampando watsopano n'kutimasula tonse. Anasinthanso lamulo: wogawira ana chamba alangidwe ndithu, koma pasapezeke munthu woletsedwa kulankhula kapena kumvedwa. Bambo a Rewat tikukhalabe denga limodzi. Mpando ananyamula, sindikana, koma kukhululuka sikunandifikire.

Inu amene mukuwerenga, makamaka makolo anzanga olusa ngati ine, sindikunena kuti musalimbane ndi chamba. Limbanani nacho, chimadya ana. Koma ine ndinkalondera msewu ndi masitolo a tiyi pamene chinthucho chinkalowera pakhomo langa, chitasenzedwa ndi munthu amene ndinkamuphikira. Ndinaopseza mudzi wonse mpaka mwana wanga yemwe anaona kuti kulira pakhonde la wosalidwa n'kwabwino kuposa kundiuza ine. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Wanga anabwera katatu, ine n'kumutcha ntchentche ndi mfiti. Gwirani manja a mwana wanu, anunkhizeni ngati mukufuna, koma choyamba dzifunseni ngati mwanayo angalimbe mtima kukuuzani zoona manjawo atapezeka akuda.

Tikmi sanandidzudzulepo. Ndinamupepesa kamodzi, iye anangoti, "Tiyi akuzizira, Didi," n'kupitiriza kupota ubweya wake. Koma masana aliwonse basi ya kuzigwa ikalira kumsewu, amasiya ubweya n'kuima pamwamba pa njira, dzanja lili pachipumi, kuyang'ana amene akukwera. Jhabe anachoka ali wamkulu pang'ono chabe kuposa Rewat. Tafunsa m'matauni, tafunsa oyendetsa malole, ndipo ndapita ndekha kawiri konse kukamufuna. Palibe akudziwa ngati anamva kuti mudzi unamasula amayi ake.

Wanga ali pakhonde pano akuwotha dzuwa. Wake, amene anapempha kuti timuthandize kumubweza, sanabwerebe.